Tinakayesa Makutu a Alamu ku Ohio

Ulendo wautali kwambiri umene ndinayendetsapo galimoto m'dziko la eni lino unali wa ku Ohio, ndipo sindikonda kuukamba. Anthu akandifunsa ndimangoti inatifera pampu ya madzi panjira, n'kuseka. Pampuyo inafadi, sindikunama. Koma si imene imandisowetsa mtendere.

Panthawiyo, chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndinkakhala ku Wheaton ndipo ndinkagwira ntchito m'nyumba ina yosamalira okalamba ku Gaithersburg. Ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi ku America, ndiye ndinkadziona ngati mwini mudzi, wodziwa khomo lililonse. Alamu anga a Kamwendo, amuna a achemwali anga a Edina, anali atatha zaka zitatu. Ndine ndinawapezera ntchito pamalo omwewo: kusambitsa agogo achizungu, kuwatembenuza pabedi, kusintha nsalu zonyowa. Achemwali anatsala ku Blantyre ndi ana, kudikira mapepala.

Kwathu a Kamwendo sanali munthu wa mabeseni. Anagwira ntchito zaka makumi awiri m'situdiyo ina yojambula makwaya ndi oimba, mpaka inatsekedwa. Ntchito yawo inali kumvetsera. Ankatha kuimitsa kwaya ya anthu makumi atatu chifukwa cha mayi mmodzi wa chimfine amene waima mzere wakumbuyo. Kuno makutu amenewo ankamvera mabelu a odwala ofuna kupita kuchimbudzi.

Tsiku lopuma ankakwera sitima kuchokera ku Hyattsville, kumene ankachita lendi kachipinda, kubwera ku Wheaton. Sankabwera kwa ine ayi. Ankapita kusitolo ina pafupi ndi mashopu akuluakulu a kumeneko, yogulitsa masipika odula, ena a mtengo wa galimoto yatsopano. Sankagula kanthu. Ankangokhala pampando, manja pamaondo, ngati ali m'tchalitchi. Mwini sitoloyo anayamba ndi kuwakayikira, kenako anawazolowera, kenako anazindikira kuti munthu uyu amamva zimene iye samva. Ndiye amene analemba kalata kufakitale ina yopanga masipika m'katauni kena ku Ohio. Kumeneko ankafuna munthu womvetsera masipika onse asanaikidwe m'makatoni. Yankho linabwera: afike Lachinayi 2 koloko masana, adzaone fakitale, adzakhale m'zipinda zomvetseramo, tidzaone makutu awo.

Anandibweretsera kalatayo ataikulunga m'pulasitiki.

"Alamu," anatero, "sindikufuna kudzafa nditavala magolovesi."

Ine amene ndimaseka chilichonse, sindinaseke. Ndinangoti tipita pa galimoto yanga, ngakhale inali yokalamba ndipo inali isanapitirirepo Baltimore.

Tinanyamuka kukungocha. A Kamwendo anavala suti imene anabwera nayo kuchokera kwathu, ndipo anakhala osatsamira kuti jekete lisakwinyike. Kumbuyo kunali amayi Tembo, a ku Zambia, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Atamva kuti tidutsa ku Pittsburgh, kumene kunali mwana wawo wamkazi, anadziitana okha, n'kubwera ndi zikwama zitatu komanso fulasiki ya tiyi. Tisanatuluke n'komwe mu Wheaton anali atayamba kale.

"Manje imwe ba Kamwendo, muyenda chabe kukamvela? Bazakulipilani kumvela? Ine nimamvela nkhani za bantu mahala zaka zonse izi, kulibe ananiuza ati ni nchito."

A Kamwendo anaseka chapansipansi. Anali okondwa tsiku limenelo, ndipo kukondwa kwawo kunkaoneka m'zala, zimene zinkaimba ng'oma pabondo.

Tikudutsa Gaithersburg, pamphambano yokhotera kuntchito kwathu, onse awiri tinayang'ana kutsogolo ngati sitikupadziwa. Patapita kanthawi a Kamwendo anapendeketsa mutu.

"Alamu, galimotoyi munaionetsa liti kwa amakaniko?"

"Mwezi watha. Bwanji, mukuiopa? Tsikani mukwere yanu."

"Ayi, ili bwino. Ikuyenda bwino ndithu. Kungoti imayankhula."

"Yatengera mwini wake," anatero amayi Tembo, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kuchokera ku Frederick mpaka ku Hagerstown ndinali mphunzitsi. Ndikakumbukira mawu anga a pamsewu umenewo ndimachita manyazi, koma ndiwanena. Ndinawauza alamu kuti azungu amaseka nawe koma sakonda kutsutsidwa pagulu. Ndinawakumbutsa za mnzathu wina wa ku West Africa amene anauza nesi wamkulu, pamaso pa abale a wodwala, kuti walakwitsa mankhwala. Ankanena zoona, koma sabata yotsatira dzina lake linalibe pandandanda wa mashifiti. Ndinati mukafika kumeneko, yamikirani. Chinthu chikakhala cholakwika, sungani, mudzanene paseri. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. A Kamwendo ankangovomera, "Zoona, alamu, zoona." Sindinkawaphunzitsa zachilendo. Ndinkangothirira chimene makolo awo anabzala kale.

Titapitirira Hancock msewu unayamba kukwera mapiri. Galimoto inakwera loyamba ikubuula, pa lachiwiri kasingano ka kutentha kanathamangira kofiira, ndipo nthunzi inatuluka m'boneti ngati m'ketulo. Ndinaima m'mbali. Malole akuluakulu ankatidutsa n'kumatigwedeza ndi mphepo yawo. Kunkazizira, chifukwa masamba anali atayamba kale kuyoyoka. Amayi Tembo anadzifunditsa chitenje pamwamba pa chijasi, n'kukhala pa chikwama chawo ngati akudikira basi ya kumudzi. A Kamwendo ankayang'ana wotchi, kenako msewu, kenako wotchi. Inali 8 koloko itangopitirira.

Tinakhala pamenepo pafupifupi ola limodzi wapolisi wa pamsewu asanaime. Iye ndiye anatiitanira galimoto yokoka zinzake, imene inatenganso nthawi yake. Woyendetsa anati kutsogolo kwake kumakwana anthu awiri okha, koma ataona amayi Tembo akukwera osamufunsa, anangosuntha. Tinapanikizana anthu anayi mpaka ku Breezewood, malo amene sindingawatchule tauni: ndi mapampu a petulo, malo odyera ndi nyumba zogona alendo, zitangondandalika m'mbali mwa msewu.

Makaniko wa pagalaja anasuzumira kamodzi n'kunena kuti pampu ya madzi yatha, ndipo ina iyenera kuchokera ku Bedford. Anawonjeza kuti pampu yotere siimangofa mwadzidzidzi, imayamba yalira mtunda wautali. Amayi Tembo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ba Kamwendo. Paja munakamba ati motoka ikamba. Munamvela?"

"Ndinamva kaphokoso. Kuyambira pa Wheaton."

"Manje ndaba chani simunakambe?"

"Ndinanena."

"Kukamba kwa bwanji kuja? Ati ili bwino, iyenda bwino! Imwe ba ku Malawi, ulemu wanu uzakupayani."

"Mayi," anayankha modekha, "munthu wakunyamula pa galimoto yake, wasiya ntchito chifukwa cha iwe. Ndiye uyambe kumuuza kuti galimoto yako yatha?"

Ndinakwiya, koma mkwiyo wanga unali pa pampu. Mumtima ndinkaona kuti alamu ayankha ngati munthu woleredwa bwino. Chinthu chinali poyera pamenepo, pa simenti ya mafuta ya galaja ija, koma ine maso anga anali pa wotchi.

Tinasonkhanitsa ndalama zachitsulo za foni. A Kamwendo anaimba kufakitale ataimirira njo, atamanga mabatani onse a jekete, ndipo ankawerama pang'ono popepesa ngati munthuyo akuwaona. Anauzidwa kuti palibe vuto, afike mawa 9 koloko m'mawa. Kenako tinaimba kuntchito kupempha tsiku lina. Kumeneko kunali vuto, koma tinalimeza.

Kudikira kwa pagalaja kulibe mnzake. Tinadya mandasi ndi nkhuku imene ndinakazinga, tinamaliza tiyi wa amayi Tembo, tinawerenga kalendala ya matayala mwezi ndi mwezi. Pakona panali wailesi yakanema imene inkalira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Ndinaona alamu akuvutika nayo, akutembenuza khosi uku ndi uku. Anadikira mpaka mwini galaja atatuluka, n'kupinda nyuzipepala, n'kuilowetsa pansi pa wailesiyo mbali imodzi. Njuchi ija inaleka. Anabwerera pampando mwakachetechete ngati aba.

Pampu inafika dzuwa litapendeka. Tinalowa msewu wolipira wopita ku Pittsburgh, ndinatenga tikiti pageti, ndipo galimoto inayenda ngati yalapa. Pamene msewu umaboola phiri, amayi Tembo anatseka maso n'kuyamba nyimbo ya Mulungu, ndipo sanaleke mpaka titatulukira mbali inayo. Tinafika ku Pittsburgh kukuda. Mwana wawo anatilandira ngati abale, ndipo tinagona komweko, ine pasofa, alamu pansi, suti itapachikidwa pachitseko.

M'mawa amayi Tembo anatiperekeza mpaka pagalimoto, atavala masilipasi.

"Ba Kamwendo, kuja mukakambe. Mulendo ndiye amabwela na kalumo kakutwa. Mwamvela?"

Titangokhota ndinati, "Musawamvere amenewo. Anthu a ku Lusaka pakamwa sipatsekeka." Tinaseka tonse awiri.

Kuchokera pamenepo unali ulendo wa maola awiri, minda yokhayokha. Fakitaleyo inali nyumba yaitali ya njerwa kumapeto kwa tauni. Anatilandira kapitawo wa pamenepo, bambo wamtali wa ndevu za imvi, amene anakana kutchedwa bwana n'kunena kuti dzina lake ndi Gary. Ine ndinati ndidikira m'galimoto, koma a Gary anati munthu amene wayendetsa mtunda wonsewo ayenera kuona chimene wabwerera.

Tinayambira kopala matabwa, kumene kunkanunkhira utuchi ndi guluu. A Kamwendo ankagogoda bokosi lililonse ndi chala, n'kumvetsera, ngati mayi wosankha mphika pamsika. Tinadutsa pa amayi okulunga waya woonda ngati tsitsi, ndi ena omata timbale takuda timene timanjenjemera sipika ikamalira. Alamu ankafunsa mafunso m'Chingerezi chimene sindinkadziwa kuti ali nacho. Kuntchito kwathu Chingerezi chawo chinali cha mawu ochepa, "Yes, ma'am" ndi "Let me turn you." Apa chinkatuluka chodzaza, ndipo a Gary ankayankha mofulumira ngati munthu amene wapeza mnzake wa chinenero chimodzi. Ndinkayenda kumbuyo kwawo ndi chikwama changa, ndikudzifunsa kuti kodi bambo awa ndi omwe aja ndimawatuma kukataya mabeseni.

Anatilowetsa m'chipinda china chimene makoma ake, denga ndi pansi pomwe zinali zisonga za siponji. Anati m'menemo mawu sabwerera, ndipo ndi mmene amayezera masipika ndi makina. Chitseko chitatsekedwa ndinamva mtima wanga, ndinamva m'mimba mwanga, ndinamva ngakhale malovu ndikumeza. Ndinaganiza za manda ndipo ndinapempha kutuluka. A Kamwendo anatsalamo kanthawi. Atatuluka anandinong'oneza kuti, "Zaka zitatu, alamu. Lero ndi pamene makutu anga apuma."

Kumapeto kwa fakitale kunali kachipinda ka mpando umodzi, ndi tebulo la zidindo ziwiri, chobiriwira ndi chofiira. Masipika onse ankadutsa pamenepo. Chobiriwira, apite kukatoni. Chofiira, abwerere kumene achokera, kaya wapanga ndani. A Gary anati, "Apa ndi pamene mudzakhale," kenako anadzikonza, "pamene adzakhale amene timulembeyo." Alamu anagwira mpandowo kumsana kwake, osakhalapo.

Zipinda zomvetseramo zinali zitatu. Choyamba chinali chaching'ono, cha kapeti ndi makatani olemera. A Kamwendo anaomba m'manja kamodzi pakati pa chipinda, n'kuyenda kupita pakona, n'kuombanso. Atamvetsera nyimbo ya piyano anati masipikawo ndi oona mtima, koma chipindacho chikumeza mawu oonda, mwina mwadala, kuti chifanane ndi pabalaza pa munthu wamba. A Gary anamwetulira n'kunena kuti ndi mwadaladi. Ine ndinamva piyano basi.

Chachiwiri chinali cha matabwa pansi, ndipo khoma lakumbuyo linali la timabokosi tosiyana kuya. A Gary anafunsa ngati alamu abweretsa nyimbo yawoyawo, chifukwa munthu amayesa bwino ndi chimene akuchidziwa. Alamu anatulutsa kaseti m'thumba la mkati. Inali kwaya ya amayi imene anaijambula okha ku Blantyre.

Kaseti imeneyo ndinali nditaimvapo kangapo pa kawailesi kawo ku Hyattsville, ndipo inali kwaya ngati kwaya ina iliyonse. M'chipinda chimenecho amayi aja anaimirira patsogolo pathu. Ndinkatha kuloza kuti uyu ali apa, uyu ali apo. Ndinamva chitenje chikukhudza benchi. Ndipo chakumanja, pang'ono kumbuyo, ndinamva achemwali anga a Edina akukoka mpweya asanayambe mzere wawo, kukoka kwawo kuja kwa m'mphuno kumene tinkawaseka nako tili ana. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanawaone. Pafoni mawu awo ankabwera ngati akuchokera m'chitini, ndipo tinkathamangitsana ndi mphindi. Apa anali pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa. Ndinalira osabisa. A Kamwendo sanalire, koma anakhala atatseka maso mpaka nyimbo itatha.

Atatsegula maso anauza a Gary kuti masipikawa abweza chilichonse chimene iwo anaika pa tepi, ngakhale cholakwa chawo: maikolofoni ya kumanzere anaiika pafupi kwambiri ndi khoma tsiku limenelo, ndipo akuimva. Cholakwa chawo ankachinena mosavuta. A Gary analemba kanthu m'kabuku. Ine ndinayamba kuganiza za mmene tidzapezere nyumba ku Ohio, ndi sukulu ya ana.

Chipinda chachitatu chinali chachikulu, cha mipando yachikopa, ndipo masipika ake anali aatali kuposa ine. M'menemo tinapeza anthu. Panali mwini fakitale, nkhalamba ya tsitsi loyera imene inayamba ntchitoyo m'galaja ya kunyumba kwake, ndi alendo anayi, eni masitolo ochokera kutali. Nkhalambayo inkasisita sipika imodzi ngati ng'ombe yake yokondedwa, ikufotokoza kuti awa ndiwo ana ake omaliza, ndipo anamutengera zaka zambiri. Anatipatsa mipando yapakati. Nyimbo inayamba, ya zitoliro ndi azeze ambirimbiri, ndipo kwa ine inali ngati kumwamba kwatseguka.

Sipanathe nthawi, a Kamwendo anatembenuza mutu pang'ono. Kenako anandiyandikira.

"Alamu," ananong'ona, "ya kumanzereyi ili ndi vuto. Kasipika kakang'ono ka pamwambako sikakulira."

"Mukutsimikiza?"

"Kafa. Mawu onse oonda akuchokera kumanja."

Ndinayang'ana nkhalamba ija. Inali itatseka maso, ikugwedeza mutu, alendo ake ali chete mwaulemu. Ndinaona munthu wamkulu akuchititsidwa manyazi m'nyumba mwake, pamaso pa anthu amene abwera kudzagula, ndi mlendo wakuda wa suti yakale amene wabwera kudzapempha ntchito. Ndinawatsina alamu pantchafu.

"Osanena pano. Eni ake ali pompano ndi alendo. Mukawauze a Gary panja."

Nyimbo itatha, a Gary anafunsa kuti, "Bambo Kamwendo, mwaamva bwanji?"

Alamu anayang'ana nkhalambayo, kenako pansi.

"Very nice, sir."

"Palibe chimene mukufuna kuwonjezera? Chilichonse?"

Sindinachotse dzanja langa pantchafu pawo.

"Very, very nice."

Nkhalamba ija inatsegula maso n'kuyang'ana a Gary, a Gary n'kutseka kabuku kawo. Panalibe amene anakwiya. Anatithokoza chifukwa chobwera.

Titangotuluka m'khonde, chitseko chitatsekeka, a Kamwendo anaima n'kupempha a Gary kuti alankhule nawo pambali. Anayamba ndi kupepesa, kenako ananena bwinobwino chimene anamva, sipika yake ndi kachipangizo kake.

"Ndikudziwa," anatero a Gary. "Waya wake ndinachotsa ndine m'mawa uno. Munamva liti?"

"Nyimbo itangoyamba."

"Ndinakuonani mukutembenuza mutu. Palibe amene anamvapo msanga chotero. Ndiye ndinadikira. Ndinakufunsani kawiri."

"M'menemo munali eni ake. Munali alendo."

"N'chifukwa chake timachitira m'menemo. Alendo aja akudziwa, mkulu uja akudziwa."

Anafotokoza mofatsa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anati pa mpando uja wa zidindo, munthu amabweza ntchito ya mnzake amene adya naye masana, ya kapitawo, nthawi zina ya mwini fakitale ataima pomwepo ndi wogula, lole ikudikira panja. Anati anakhalapo ndi munthu wa makutu abwino amene ankadikira nthawi yabwino yonenera, ndipo nthawi yabwinoyo inkafika makatoni ali kale m'masitolo. Anati makutu ngati a alamu sanawaonepo, koma sangawagwiritse ntchito ngati pakamwa padikira kuti bwana atuluke kaye.

Apa ndi pamene ndinalowerera, Chingerezi changa chikugwa n'kudzuka. Ndinati ndine, ndine ndinawaletsa, anandiuza nthawi yomweyo, ine ndinawatsina. Ndinati kwathu munthu sauza mkulu cholakwa pagulu, si mantha, ndi ulemu. Ndinati muwayesenso, chotsani waya wina, chotsani onse. Mawu anga anakwera moti mayi wina anasuzumira pakhomo la ofesi.

"Alamu, basi," anatero a Kamwendo m'Chichewa. "Munanditsina ndinu, koma pakamwa panali panga."

A Gary anayang'ana pansi. Anati akumva zimene ndikunena, ndipo akukhulupirira. Koma panali munthu wina amene anabwera sabata yapitayo, wa makutu osafika pa a alamu, amene anaimitsa nyimbo pakati n'kuuza nkhalamba ija kuti sipika yake yafa. "Sindikunamizani kuti tidzakuimbirani," anatero. Anatiperekeza mpaka panja, ndipo anagwira dzanja la a Kamwendo nthawi yaitali.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri. Galimoto sinavute ngakhale pang'ono, ndipo ndinaida chifukwa cha zimenezo. Pittsburgh tinangoilambalala. Ndinati tiime tikawaone amayi Tembo, alamu anati tisawavutitse, ndipo ndinadziwa kuti sakufuna funso lawo. Ndinatenga tikiti pageti, tinaboola phiri lija popanda woimba, ndinalipira pageti linalo. Pa Breezewood ndinagula khofi awiri, wawo anazizira m'manja. Nthawi ina anavula jekete, n'kulipinda, n'kuliponya kumpando wakumbuyo, ndipo anatsamira. Chimenecho chinandipweteka kuposa mawu alionse.

Njira yonse ndinkakonza chonena. Ndinkafuna andikalipire. Ndinkafuna anene kuti mlamu iwe, nzeru zako za m'nyumba ya okalamba unazitengeranji kuno, ndani anakufunsa? Akanatero ndikanalira, iwo akanapsa mtima, pofika ku Frederick tikanayamba kupola. Koma anangokhala, maso pamsewu. Pa Hagerstown ndi pamene anayankhula.

"Mawa muli shifiti ya m'mawa?"

"Eya."

"Inenso. Agogo a m'chipinda chachisanu aja sakonda kusambitsidwa ndi wina."

Anagwira ntchito imeneyo zaka zina zisanu ndi zitatu, mpaka msana unawakana. Achemwali anabwera, ana anakula, onse amayankha m'Chingerezi. Kusitolo ya ku Wheaton sanapitenso. Mwini wake anandiimitsa kamodzi pamalo oimika magalimoto kufunsa kuti mnzake uja ali kuti, ndipo ndinati atanganidwa.

Koma tsiku limenelo tinafika ku Hyattsville kutangoyamba kuda. Ndinaima pakhomo pa nyumba yawo, ndinazimitsa injini, ndipo ndinatembenuka kuti tsopano ndinene. Iwo anali atatsika kale. Anatenga jekete lawo kumbuyo, anazungulira kubwera kuwindo langa, anawerama pang'ono n'kuomba m'manja mofatsa, monga munthu amathokozera amene wamunyamula.

"Zikomo kwambiri, alamu. Mwavutika. Mwayendetsa bwino. Ulendo unali wabwino kwambiri."

Mawu awo anali omwe aja a m'chipinda chachitatu, kutsika kwake komweko, maso pansi chimodzimodzi. Ndinadziwa kuti chimene amva mwa ine achisunga, kudikira nthawi yabwino, ndipo ndinadziwa kuti nthawiyo sidzafika. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwapemphe anene pomwepo, pamaso panga.

"Zikomo, alamu," ndinatero. "Mupume bwino."